William Percival Johnson

William Percival Johnson (12 Marichi 1854 – 11 Okutobala 1928) anali wansembe wa mpingo wa Angilikani wochokera ku England, amene anagwira ntchito ya umishonale, ya maphunziro ndi yomasulira mabuku m'mbali mwa nyanja ya Malawi kwa zaka zoposa 45. Anali wa bungwe la Universities' Mission to Central Africa, lodziwika mwachidule kuti UMCA, ndipo kuyambira mu 1896 anali akidikoni wa dayosizi ya kunyanja, imene likulu lake linali pachilumba cha Likoma.

Johnson amadziwika pa zinthu zitatu: kugwiritsa ntchito sitima yapamadzi pofikira midzi ya m'mbali mwa nyanja, kufalitsa sukulu za m'midzi zoyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda, ndi kumasulira Baibulo m'Chinyanja cha ku Likoma. Njira yake ya maphunziro inatsamira pa kuyendera: mphunzitsi wa kumudzi sankasiyidwa yekha, koma sitima inkabwereza kufika pamudzipo kuti ana ayesedwe pa kuwerenga, kulemba ndi masamu, ndiponso kuti mphunzitsiyo awongoleredwe pomwe akulakwitsa. Nkhotakota linali limodzi mwa madoko amene sitima za mishoni zinkaima kuchokera m'zaka za m'ma 1890. Ntchito yonseyi Johnson anaigwira ali ndi diso limodzi lokha loona pang'ono.

Ubwana ndi maphunziro

Johnson anabadwira ku St Helens, pachilumba cha Isle of Wight kumwera kwa England. Bambo ake anali loya. Anaphunzira ku Bedford School, ndipo atamaliza anapambana mayeso olowera ntchito ya boma la Britain ku India, ntchito imene anyamata ambiri ophunzira a nthawi imeneyo ankailakalaka. Anapita ku University College ya ku Oxford, komwe ankadziwikanso pa mpikisano wopalasa bwato. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi wophunzira mnzake, Chauncy Maples, ndipo ubwenziwo unapitirira mpaka imfa inawalekanitsa panyanja ya Malawi.

Bungwe la UMCA linayamba potsatira pempho limene David Livingstone anapereka ku Cambridge mu Disembala 1857. Gulu loyamba, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, linakhazikika ku Magomero mu 1861, koma Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, ndipo nkhondo, njala ndi malungo zinachititsa kuti mu 1864 mishoni isamukire ku Zanzibar. Bishopu Edward Steere, amene anatsogolera mishoni kuyambira mu 1874, ankafuna kubwerera kudera la kunyanja, ndipo anapempha anyamata a ku Oxford ndi Cambridge kuti adzathandize. Johnson ndi Maples anavomera. Johnson anasiya mwayi wa ntchito ya ku India, ndipo mu 1876 ananyamuka ulendo wa ku Zanzibar.

Ku Masasi ndi ku Mwembe

Anadzozedwa udikoni mu 1876 ndi unsembe mu 1878. Zaka zake zoyamba anazigwira ku Zanzibar ndi ku Masasi, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania, komwe mishoni inamanga mudzi wa anthu omasulidwa ku ukapolo. Kumeneko anaphunzira Chiswahili ndi Chiyao.

Mu 1880 anapita ku Mwembe, likulu la mfumu Mataka ya Ayao, m'dera limene lero ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique. Mwembe unali mudzi waukulu pamsewu wa malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo wopita kugombe la nyanja ya India. Johnson anayambitsa kasukulu kumeneko, koma sikanakhalitse. Amalonda a akapolo anamuganizira kuti ndiye ankawaulula kwa Angerezi amene ankalanda akapolo kugombe, ndipo mu 1881 nyumba yake inafunkhidwa, iye n'kuchoka ku Mwembe.

Kufika kunyanja

Kumayambiriro kwa 1882 Johnson anafika m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kutsidya la kum'mawa, ali ndi wansembe mnzake Charles Janson. Janson anadwala panjira ndipo anamwalira ku Chia mu Febuluwale chaka chomwecho. Johnson anatsala yekha, n'kukhazikika kwa mfumu Chiteji, moyang'anana ndi chilumba cha Likoma. Kwa zaka ziwiri anayenda wapansi ndi pabwato m'madera ambiri a kum'mawa ndi kumpoto kwa nyanja, akuphunzira Chinyanja ndi kulemba za midzi, mitsinje ndi mapiri amene anaona.

Pa nthawiyo Anyanja a m'mbali mwa nyanja ankakhala mwamantha. Kumpoto kunkachokera magulu a nkhondo a Angoni otchedwa Magwangwara, ndipo kumwera ndi kum'mawa kunali mafumu a Ayao ogwira akapolo. Anthu ankadziunjika m'midzi yotchingidwa ndi malinga pafupi ndi madzi, ena pazilumba ndi m'matanthwe. Johnson anaona kuti midziyi inali itandandalika m'mphepete mwa nyanja ngati mikanda pa ulusi, ndipo kuti munthu wobwera pamadzi akhoza kuifikira yonse mosavuta kusiyana ndi woyenda pamtunda. Anaonanso kuti amishonale achizungu anali ochepa ndipo ankamwalira msanga ndi malungo, choncho sikukanatheka kuika mzungu pamudzi uliwonse. Ganizo lake linali lakuti pamudzi pazikhala mphunzitsi wachikuda, ndipo wansembe azizungulira pa sitima.

Sitima ya Charles Janson ndi vuto la maso

Mu 1884 Johnson anabwerera ku England kukapempha ndalama zogulira sitima. Analankhulanso ku bungwe la Royal Geographical Society za maulendo ake a kum'mawa kwa nyanja. Ndalama zinapezeka, ndipo sitimayo, imene inatchedwa Charles Janson pokumbukira mnzake uja, inatumizidwa m'zidutswa kudzera m'mitsinje ya Zambezi ndi Shire.

Ali pa ulendo wobwerera, Johnson anagwidwa ndi matenda oopsa a maso ku Quelimane, ndipo anachita khungu. Anabwezedwa ku England, komwe madokotala anamuchita opaleshoni imene inabwezeretsa kuona pang'ono m'diso limodzi. Kuchokera pamenepo ankawerenga atayandikitsa buku kumaso. Anzake anapitiriza ntchito: sitima inalumikizidwa ku Matope pamtsinje wa Shire, ndipo mu 1885 Bishopu Charles Smythies anagwirizana ndi mfumu Chiteji kuti mishoni ikhazikike pa Likoma, malo amene magulu a nkhondo a kumtunda sakanawafikira mosavuta. Johnson anabwerera kunyanja mu 1886. Maples anatsogolera ntchito ya pachilumba, pomwe Johnson anatenga sitima ndi midzi ya kumtunda.

Ntchitoyi inali ndi zoopsa zake. Mu 1888 Johnson ndi John Buchanan, amene ankaimira boma la Britain, anagwidwa ndi anthu a mfumu Makanjira, n'kuzunzidwa, ndipo anamasulidwa pambuyo poti dipo laperekedwa.

Sukulu za m'midzi ndi aphunzitsi

Aphunzitsi oyamba a kunyanja anachokera ku koleji ya St Andrew's ya ku Kiungani, pachilumba cha Zanzibar. Ambiri mwa iwo anali anthu amene anagwidwa ukapolo ali ana, n'kumasulidwa ndi zombo za nkhondo za Britain. Wodziwika kwambiri anali Augustine Ambali, amene anabwera ndi gulu lonyamula sitima ya Charles Janson, anaphunzitsa ku Chia, kenaka n'kukhala zaka zambiri ku Msumba, komwe anadzakhala wansembe. M'buku lake la Thirty Years in Nyasaland, Ambali anafotokoza kuti pachiyambi analibe mabuku kapena zolembera zokwanira, moti zilembo ankazilemba pa chikopa cha mbuzi kuti ana azione. Wina anali Yohana Abdallah, Myao amene anagwira ntchito ku Unangu ndipo analemba mbiri ya Ayao. Patapita zaka, anyamata a m'midzi ya kunyanja yomweyo anayamba kulowa uphunzitsi.

Sukulu ya kumudzi inali nyumba ya mitengo, bango ndi udzu, ndipo kawirikawiri inali tchalitchi chomwe. Mphunzitsi ankatsogolera mapemphero, ankaphunzitsa ofuna kubatizidwa, ndipo ankaphunzitsa ana kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chinenero chawo. Iye mwini nthawi zambiri anali ataphunzira zaka zochepa chabe kuposa ana aakulu a m'kalasi mwake. Kubwera kwa ana kusukulu kunkatsata nyengo: nthawi ya usodzi, yolima kapena yoingitsa mbalame ndi anyani m'minda, ana ankachepa.

Johnson ankadziwa kuti sukulu yotereyi ikasiyidwa yokha imafa, kapena imasanduka malo ongoloweza mawu popanda kumvetsa. N'chifukwa chake sitima inkazungulira midzi mobwerezabwereza. Ikakocheza, wansembe ankachititsa mapemphero, ankamva nkhani za mpingo, ankaona ntchito ya sukulu ndi kuyesa ana, ndipo mphunzitsi ankalandira malipiro, mabuku ndi malangizo. Sitima ikachoka, mphunzitsiyo ankadziwa kuti idzabweranso ndipo zimene zinapezeka zolakwika zidzafunsidwanso.

Masamu ndi kuwongolera zolakwa

Mwa maphunziro atatu a sukulu za m'midzi, masamu ndiwo ankaonetsa poyera kufunika kwa mphunzitsi woona ntchito ya mwana n'kumuuza pomwe wasokonekera. Mwana akhoza kuloweza ndime ya m'buku pongomvera anzake, koma samu yatsopano singayankhidwe ndi kuloweza. Komanso masamu amamangana: amene sanamvetse kuwonkhetsa amavutika pa kuchulukitsa, ndipo amene sanamvetse kuchotsera amavutika pa kugawa.

Mwana wa kunyanja wa nthawi imeneyo ankakumana ndi njira zitatu zowerengera nthawi imodzi. Yoyamba inali ya chinenero chake. M'Chinyanja muli mawu apaokha a chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi ndi zisanu, kenaka munthu amayambiranso pa zisanu: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, mpaka kufika pa khumi. Yachiwiri inali ya manambala olembedwa, amene amayenda m'magulu a khumi ndipo phindu la nambala limadalira malo amene yaima. Mwana ankanena mawu atatu, zisanu ndi ziwiri, koma n'kulemba chizindikiro chimodzi, 7. Yachitatu inali ya ndalama za Britain zimene zinafala boma la atsamunda litakhazikika mu 1891: mapeni 12 ankapanga sheleni imodzi, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi imodzi.

Kusiyana kumeneku kumabala zolakwa zimene zili ndi chifukwa chake. Mwana amene wapatsidwa 27 ndi 15 kuti awonkhetse akhoza kuphatikiza 7 ndi 5 n'kulemba 12, kenaka 2 ndi 1 n'kulemba 3, yankho lake n'kukhala 312 m'malo mwa 42. Mwanayo kuwonkhetsa amakudziwa. Chimene sanamvetse ndi chakuti khumi lopezeka pa 12 liyenera kupita kumzere wa makumi. Mwana wina amene wamvetsa zimenezi akhoza kulakwabe pa ndalama: mapeni 8 ndi mapeni 7 ndi mapeni 15, amene ndi sheleni imodzi ndi mapeni 3, koma wozolowera kusamutsa pa khumi adzalemba sheleni imodzi ndi mapeni 5. Mphunzitsi amene amangochonga kuti yankho ndi lolakwa sathandiza ana awiriwa, chifukwa matenda awo ndi osiyana. Amene amafunsa mwana kuti afotokoze mmene wapezera yankho, kapena kumupatsa timitengo kuti amange mitolo ya khumi, amapeza gwero la cholakwacho.

Zipangizo za nthawiyo zinkachititsa kuti kuwongolera kuchitike pompopompo. Mapepala anali osowa, ndipo ana ankalemba pa sileti kapena pamchenga. Ntchito ya pa sileti imafufutidwa kuti ina ilembedwe, choncho mphunzitsi akapanda kuiona nthawi yomweyo, cholakwa chimachoka pa sileti koma chimatsala m'mutu mwa mwana. Ndipo ngati mphunzitsi mwiniwake anali ndi cholakwa chomwecho, kalasi yonse inkachitengera. Apa ndi pomwe panagona phindu la maulendo a sitima: kuyesa ana kunkaulula zimene mphunzitsi wawo sanazimvetse.

Masamuwa anali ndi ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku. M'zaka za m'ma 1890 boma linakhazikitsa msonkho wa nyumba, anthu anayamba kugwira ntchito yolipidwa m'minda ya azungu, m'sitima ndi m'migodi ya kumwera, ndipo nsalu, mchere, nsomba ndi mpunga zinayamba kugulidwa ndi ndalama. Wodziwa kuwerengera ankatha kuona ngati wamubera pa malipiro kapena pa chenje.

Nkhotakota

Nkhotakota, amene azungu ankamulemba kuti Kota Kota, unali mudzi waukulu kwambiri kutsidya la kumadzulo kwa nyanja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 unkalamulidwa ndi mafumu achiswahili otchedwa Jumbe, woyamba wake Salim bin Abdallah. Kuchokera padokoli, ngalawa zinkawolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Livingstone anafikako m'zaka za m'ma 1860, ndipo mtengo umene amati anakumanirapo ndi Jumbe ukadalipo pafupi ndi mishoni. Mu 1889 Harry Johnston anachita pangano ndi Jumbe wachitatu, ndipo mu 1895 Jumbe wachinayi anachotsedwa pa ufumu n'kutumizidwa ku Zanzibar.

UMCA inatsegula mishoni ku Nkhotakota mu 1894 kudzera mwa wansembe Arthur Fraser Sim, amene anamwalira chaka chotsatira. Malowa anali osiyana ndi midzi ya kum'mawa imene Johnson anaizolowera. Chisilamu chinali chitazika kale mizu, ndipo m'madarasa ana ankaphunzira Korani ndi zilembo za Chiarabu. Makolo ambiri achisilamu ankakayikira sukulu ya mishoni poopa kuti ana awo asiya chipembedzo chawo. Choncho ntchito ya sukulu inakula pang'onopang'ono, makamaka pakati pa omasulidwa ku ukapolo ndi m'midzi ya Achewa yozungulira.

Dokoli linalinso ndi chikumbutso chowawa kwa Johnson. Mu 1895 Chauncy Maples anadzozedwa kukhala bishopu wa Likoma ku London. Pobwerera, pa 2 Seputembala 1895, bwato limene anakwera linagubuduzika ndi namondwe kumwera kwa Nkhotakota, ndipo iye ndi mmishonale mnzake Joseph Williams anamira. Thupi la Maples linapezeka n'kuikidwa m'manda ku Nkhotakota, pamalo pomwe pali tchalitchi cha All Saints. Chaka chotsatira Johnson anasankhidwa kukhala akidikoni.

Mmodzi mwa anthu amene anatuluka m'sukulu za kunyanja n'kudzagwira ntchito ku Nkhotakota anali Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia, mudzi womwe Janson anamwalirira. Kamungu anaphunzira ku Kiungani, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo atatumikira ku Nkhotakota anapita kukayambitsa mishoni ku Msoro, kum'mawa kwa dziko limene lero ndi Zambia, komwe anamwalira mu 1913. Moyo wake unaonetsa zimene Johnson ankafuna: mwana wa sukulu ya kumudzi kudzakhala mphunzitsi, kenaka mtsogoleri wotumidwa kwina.

Sitima ya Chauncy Maples ndi koleji ya aphunzitsi

Pamene sukulu zinkachuluka, sitima ya Charles Janson inachepa. Mishoni inasonkhanitsa ndalama zogulira ina yaikulu pokumbukira Maples. Sitimayi inapangidwa ndi kampani ya Alley & McLellan ku Glasgow, n'kutumizidwa m'zidutswa zoposa 3,000. Pamathithi a mtsinje wa Shire, pomwe mabwato sangadutse, zidutswazo zinanyamulidwa pamutu, ndipo boyila yake yolemera inakokedwa ndi amuna mazanamazana. Inayamba kuyandama mu 1901 ndi dzina lakuti Chauncy Maples.

Johnson ankafuna kuti sitimayi isakhale yongonyamula anthu ndi katundu, koma ikhale mishoni yoyenda pamadzi. Munali malo opemphereramo ndi ophunziriramo, ndipo aphunzitsi ndi ophunzira uphunzitsi ankakwera n'kumaphunzira sitima ikuyenda. Mwa njira imeneyi mphunzitsi ankatha kuchoka pamudzi pake kwa kanthawi, kuwonjezera maphunziro, kuona mmene anzake a m'midzi ina akuphunzitsira, n'kubwerera kusukulu yake.

Cha m'ma 1900 mishoni inatsegulanso koleji ya aphunzitsi ya St Michael's ku Kobwe, kutsidya la kum'mawa moyang'anana ndi Likoma, kuti anyamata asamapitenso kutali ku Zanzibar. Dera limeneli linali m'manja mwa Apwitikizi potsatira pangano la 1891 la Britain ndi Portugal, ndipo ubale wa mishoni ndi akuluakulu achipwitikizi unali wovuta. Mu 1911 wansembe Arthur Douglas, amene ankayang'anira kolejiyo, anawomberedwa ndi msilikali wachipwitikizi, ndipo koleji inasamutsidwira pa Likoma. Chaka chomwecho tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene chinayamba kumangidwa mu 1903, chinapatulidwa.

Kumasulira mabuku

Sukulu zophunzitsa m'chinenero cha ana zinkafuna mabuku a m'chinenero chomwecho. Johnson, mothandizana ndi aphunzitsi achikuda ndi amishonale ena, anamasulira Baibulo, mapemphero ndi mabuku ena a mpingo m'Chinyanja cholankhulidwa pa Likoma ndi kutsidya la kum'mawa. Baibulo lonse m'chinenerochi linatuluka mu 1912. Chinyanja chimenechi chimasiyana m'mawu ndi m'katchulidwe ndi cha Buku Lopatulika la 1922, limene linamasuliridwa ndi amishonale a mipingo ya Dutch Reformed ndi ya ku Scotland ndipo ndi limene linafala m'dziko lonse. Johnson anamasuliranso zigawo za Baibulo m'zinenero zina za kumpoto chakum'mawa kwa nyanja, monga Chimpoto ndi Chimanda.

M'Chingerezi analemba mabuku a Nyasa, the Great Water, lotuluka mu 1922, ndi My African Reminiscences, lotuluka mu 1924, lofotokoza zaka zake zoyamba mu Africa mpaka 1895. Anasonkhanitsanso miyambi ya Chinyanja. Mu 1911 yunivesite ya Oxford inamupatsa digiri yaulemu ya udokotala wa zaumulungu.

Khalidwe lake ndi zimene ena anatsutsa

Johnson sanakwatire, monga mwa mwambo wa amishonale a UMCA, ndipo ankakhala moyo wosafuna zambiri. Ankadya zimene zapezeka, ankagona paliponse, ndipo sankasamala za zovala. Anzake ankamulemekeza chifukwa cha kupirira kwake, komanso ankamudziwa ngati munthu wouma mtima pa zimene watsimikiza, wovuta kugwira naye ntchito, ndi woyembekezera kuti ena apirire monga iye. Sankaopa kutsutsana ndi akuluakulu a boma, achingerezi kapena achipwitikizi, akaona kuti anthu a m'midzi akuzunzidwa.

Maphunziro a UMCA anatsutsidwa ndi ena kuti anali ochepa. Cholinga cha mishoniyi chinali kumanga mpingo wa m'midzi, wa anthu okhala kwawo ndi olankhula chinenero chawo, osati kukonzekeretsa anyamata ntchito za m'maofesi. Izi zinkasiyana ndi za Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia, amene mu 1894 anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, yophunzitsa Chingerezi, maphunziro apamwamba ndi ntchito zamanja. Achinyamata amene ankafuna ukalaliki kapena ntchito za m'masitolo ankafuna Chingerezi ndi masamu opitirira a sukulu ya kumudzi. Njira ya sitima inalinso ndi malire ake: inkafika midzi ya m'mbali mwa madzi, koma sukulu za kumtunda zinkadalira maulendo apansi, ndipo nyengo ya mwera inkachedwetsa maulendo a panyanja.

Zaka zomaliza ndi imfa

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, boma la Britain linatenga sitima ya Chauncy Maples kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo yolimbana ndi Ajeremani, ndipo maulendo oyendera sukulu anasokonekera kwa zaka zingapo. Nkhondo itatha, dera la kumpoto chakum'mawa kwa nyanja linachoka m'manja mwa Germany n'kukhala Tanganyika. Johnson, ngakhale anali wokalamba, anathera zaka zake zomaliza kumeneko, makamaka ku Manda, akuyendera midzi ndi kumasulira mabuku.

Anamwalira pa 11 Okutobala 1928 ku Liuli, m'mbali mwa nyanja kudziko la Tanzania, ali ndi zaka 74, ndipo anaikidwa m'manda komweko. Anali atatumikira mu Africa zaka 52. Akhristu a m'derali amalemekeza manda ake, ndipo mipingo ina ya Angilikani imamukumbukira pa tsiku la imfa yake.

Zimene anasiya

Zilumba za Likoma ndi Chizumulu, ngakhale zili pafupi ndi gombe la Mozambique, ndi mbali ya dziko la Malawi chifukwa cha mishoni imene inakhazikika kumeneko, ndipo Likoma inadziwika kwa nthawi yaitali ngati dera la anthu ambiri odziwa kuwerenga ndi kulemba. Josiah Mtekateka, wobadwira pa Likoma, amene anayamba ngati mphunzitsi wa mishoni, anakhala bishopu woyamba wachimalawi wa mpingo wa Angilikani mu 1965, ndipo anatumikira ali ku Nkhotakota. Sukulu ya sekondale ya mpingowu ku Nkhotakota imatchedwa ndi dzina lake, ndipo chipatala cha St Anne's chikugwirabe ntchito pamalo a mishoni yakale. Bungwe la UMCA linaphatikizana ndi la SPG mu 1965 n'kupanga USPG. Sitima ya Chauncy Maples inagulitsidwa m'zaka za m'ma 1950, inadzakhala yonyamula anthu, ndipo pambuyo pake inaimikidwa ku Monkey Bay.

Ganizo loyendera mphunzitsi wa kumudzi linalowanso m'ndondomeko ya boma. Gulu la Phelps-Stokes litayendera Nyasaland mu 1924, boma linakhazikitsa nthambi ya zamaphunziro mu 1926, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi yophunzitsa aphunzitsi oyendera ndi kulangiza anzawo m'sukulu za m'midzi. Masiku ano ntchito yofanana nayo imagwiridwa ndi alangizi a maphunziro a pulayimale, amene aliyense amayang'anira gulu la sukulu m'dera lake.

Ofufuza za maphunziro a m'zaka zaposachedwa anatsindikanso mfundo yomweyi pa ana. Mu 1998 Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku Britain anaunika kafukufuku wambiri n'kupeza kuti ana amaphunzira bwino ngati mphunzitsi akuona ntchito yawo kawirikawiri ndi kuwauza chimene ayenera kukonza, osati kungowapatsa malikisi. Ku Malawi, kuchokera pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, makalasi ambiri ndi odzaza kwambiri moti mphunzitsi mmodzi amavutika kuchonga kope la mwana aliyense. Vuto limene Johnson anakumana nalo m'midzi ya kunyanja, la ana ambiri, aphunzitsi ochepa ndi mitunda italiitali, likadalipo m'sukulu za ku Nkhotakota ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja.